Kukoka makina a zomangamanga pa msewu wa Chiponde: nzeru ili pa kuima

Mvula ikangotha, ntchito za zomangamanga zimayamba kuonekera m'madera a kum'mawa kwa boma la Mangochi. Ku Chiponde, ku Namwera ndi m'midzi yozungulira kumamangidwa midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, zipinda za zipatala zazing'ono, mashedi a m'misika ndi timilatho, kwinaku kukukumbidwa mijigo. Zambiri mwa ntchitozi zimalipiridwa ndi ndalama za anthu, kudzera m'thumba la chitukuko cha boma la DDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, komanso pulogalamu ya GESD imene imathandizidwa ndi World Bank. Ntchito iliyonse yotere imafuna makina, ndipo ena mwa makinawo safika pamalo a ntchito atanyamulidwa pa lole. Amafika akukokedwa kumbuyo kwa pikapu, lole yaing'ono kapena thirakitala. Oterewa ndi makina osakanizira simenti, jenereta, kompulesa, thanki ya madzi ya matayala imene ambiri amaitcha bawuza, ndi ngolo zodzaza simenti, zitsulo ndi malata.

Pokonzekera ulendo wotere, anthu amakonda kufunsa ngati galimoto ingathe kukoka katunduyo. Yankho lake silivuta, pakuti galimoto iliyonse ya injini yabwino imasuntha katundu woposa msinkhu wake ikaikidwa m'giya yoyamba. Funso limene limapulumutsa miyoyo ndi lakuti, kodi galimotoyo ingathe kuimitsa katunduyo pamtsetse, pokhota, kapena mwana akadumpha msewu mwadzidzidzi? Malangizo onse a kakokedwe kabwino ka makina amachokera pa funso limeneli.

Msewu umene makinawa amadutsa

Makina ochokera pa boma la Mangochi amatsata msewu wa M3. Amawoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera mapiri a Chowe, kudutsa pa Namwera, mpaka kufika pa Chiponde, pamalire a Malawi ndi Mozambique. Kutsidya kwa malirewo kuli tauni ya Mandimba, m'chigawo cha Niassa, pamene pamadutsa msewu wa N13 wolumikiza Lichinga ndi Cuamba. Makina ena amachokera ku Liwonde kudzera ku Ntaja ndi Nselema.

Tauni ya Mangochi ili m'chigwa, pa mamita osapitirira 500 kuchokera pa msinkhu wa nyanja yamchere, pamene Namwera ndi Chiponde zili kumtunda ndi mamita mazana angapo. Gawo lalikulu la kusiyana kumeneku galimoto imalikwera pa Chowe, pamene msewu uli wokhotakhota m'mbali mwa phiri. Popita ku Chiponde, injini ndi kilatchi ndizo zimavutika. Pobwerera, ntchito ikatha, mavuto amagwera mabuleki, ndipo nthawi imeneyi ndi yoopsa koposa chifukwa antchito amakhala atatopa, makina atagwira ntchito miyezi ingapo osakonzedwa, ndipo aliyense mtima uli kwawo.

Msewu womwewu ndi umene amagwiritsa ntchito a kabaza, a njinga zamoto, ana a sukulu, amayi osenza nkhuni ndi malole akuluakulu odutsa pamalire. Ngolo imene yamasuka pamsewu wotere ilibe chiwongolero, ilibe hutala, ndipo ilibe wina woiimitsa.

Kulemera kwa katundu

Chinthu choyamba chimene kapitawo ndi dalaivala ayenera kudziwa ndi kulemera kwenikweni kwa chokokedwacho. Kulemeraku kumaphatikiza ngolo yeniyeniyo ndi zonse zimene zaikidwamo. Pa ngolo ndi makina ambiri opangidwa ku fakitale pamakhala kachitsulo kolembedwa manambala, kosonyeza kulemera kwake popanda katundu ndi malire a kulemera kumene angafike. Nayo galimoto ili ndi malire ake, olembedwa m'buku la galimotoyo ndiponso pa chitsulo chokokera.

Nambala yoyenera kuikumbukira ndi makilogalamu 750. Awa ndiwo malire amene makampani ambiri opanga mapikapu amaika pa ngolo yopanda mabuleki akeake. Mitundu ina yatsopano ya Toyota Hilux ndi Ford Ranger imaloledwa kukoka mpaka makilogalamu 3,500, koma pokhapokha ngoloyo ikhale ndi mabuleki. Ngolo ikakhala yopanda mabuleki, malire a galimoto zomwezo amabwerera pa 750. M'maiko monga South Africa ndi Britain muli lamulo linanso lakuti ngolo yopanda mabuleki isapose theka la kulemera kwa galimoto yoikoka.

Makilogalamu 750 amakwana msanga. Thumba limodzi la simenti limalemera makilogalamu 50. Ngati ngolo payokha ikulemera makilogalamu 250, matumba 10 okha afikitsa katunduyo pamalire, osawerengera fosholo, wilibala kapena chigubu cha dizilo. Madzi nawo amanyenga maso. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, motero bawuza ya malita 1,000 imanyamula tani yathunthu ya madzi. Ngati thanki ndi zitsulo zake zikulemera makilogalamu 400, chokokedwacho chafika pa 1,400, pafupifupi kuwirikiza kawiri malire a ngolo yopanda mabuleki.

Bawuza ili ndi vuto linanso. Ikakhala yosadzaza, madzi amakhavuka m'kati. Dalaivala akaponda mabuleki, madziwo amathamangira kutsogolo ndi kukankha galimoto. Akakhota, amathamangira mbali imodzi ndipo akhoza kugubuduza ngolo. Matanki abwino amakhala ndi zitsulo zotchinga m'kati zochepetsa kukhavukako. Thanki yopanda zotchingazi ndi bwino iyende yopanda kanthu pamsewu waukulu, n'kukatungiramo madzi pafupi ndi malo a ntchito.

Chifukwa chake mabuleki amalephera

Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Katundu akachuluka, kutenthako kumachulukanso. Pikapu imene ikukoka ngolo yolemera ngati iyo yomwe, yopanda mabuleki, imapatsa mabuleki ake ntchito yowirikiza kawiri. Liwiro ndiye limaonjezera kwambiri: likawirikizidwa kawiri, mtunda wofunika kuti galimoto iime umawirikizidwa kanayi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse, ndipo sekondi yoyamba imatha dalaivala asanafikitse n'komwe phazi pa buleki.

Pamtsetse wautali ngati wa Chowe, dalaivala amene aponda mabuleki osalekeza amawatenthetsa mpaka amayamba kununkha. Zikafika apo mabuleki amaleka kugwira bwino, ndipo mafuta ake akhoza kuwira, phazi n'kumangolowa pansi popanda chochitika. Njira yopewera izi ndi kulowetsa giya yotsika mtsetse usanayambe, kuti injini ndiyo igwire galimoto. Madalaivala odziwa ntchito amatsika phiri ndi giya imene akanakwerera phirilo. Mabuleki amapondedwa mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, n'kuwasiya kuti azizire, kenaka n'kupondanso.

Pali chizolowezi choipa chimene chimakula mafuta akakwera mtengo kapena akasowa: kuchotsa giya pamtsetse, mwinanso kuzimitsa injini, kuti galimoto iziyenda yokha. Galimoto yotero imataya thandizo lonse la injini, ndipo injini ikazima, mphamvu yothandizira mabuleki ndi chiwongolero imathanso. Dizilo wopulumutsidwa mwa njira imeneyi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa makina, osanena za moyo wa munthu.

Ngolo zolemera kuposa makilogalamu 750 zimapangidwa ndi mabuleki akeake. Zambiri mwa izo zili ndi mkono wotha kulowa m'kati pang'ono. Galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha mkonowo, ndipo kukankhako kumakoka waya kapena chitsulo chimene chimamanga mabuleki a ngolo. Dongosolo limeneli limagwira ntchito ngati lasamalidwa. Pa makina amene akhala chaka chonse panja, pa dzuwa ndi mvula, mkono umachita dzimbiri ndi kuuma, waya amaduka, ndipo ngolo imene pepala likuti ili ndi mabuleki imakhala ilibe. Izi zimayesedwa ulendo usanayambe: ngolo ikamangidwa handibuleki yake, galimoto iyenera kuvutika kuisuntha.

Polumikizira galimoto ndi ngolo

Katundu yense amadalira kachitsulo kamodzi ka polumikizira. Zokokera zodziwika ndi zamitundu iwiri. China ndi chitsulo chobulungira, chimene kukula kwake kozolowereka kuno ndi mamilimita 50, ndipo kapu ya ngolo imavala pamwamba pake. China ndi chibwano chokhala ndi pini yaikulu imene imalowa m'mphete ya mkono wa ngolo, ndipo ichi ndicho chimapezeka kwambiri pa makompulesa, majenereta akuluakulu ndi ngolo za thirakitala. Mitundu iwiriyi siisakanizidwa. Mphete yongokolowekedwa pa chitsulo chobulungira imadumpha pa bampu yoyamba.

Pini iyenera kukhala yopangidwira ntchito imeneyi, yodzaza bwino bowo lake, ndiponso yokhala ndi kapini kotsekera kumunsi kuti isatuluke galimoto ikamagwedezeka. Bawuti yotoledwa pa galaja, chidutswa cha chitsulo cha m'konkire kapena sipanala yakale sizilowa m'malo mwa pini. Waya ndi linya ndiye n'zosayenera kutchulidwa n'komwe. Chokokera chenichenicho chiyenera kukhala chomangidwa ndi mabawuti ku chasisi ya galimoto. Chitsulo chongowotcherera ku bampala ya kumbuyo chimaoneka cholimba pamaso, koma bampala sinapangidwe kuti inyamule tani ya katundu, ndipo malo owotcherera amang'aluka pang'onopang'ono mpaka tsiku limene adzathyoke.

Pambali pa cholumikizira pamafunika matcheni achitetezo. Matcheni awiri amapingasitsidwa pansi pa mkono wa ngolo, la kumanja kupita kumanzere, la kumanzere kupita kumanja. Cholinga chake n'chakuti ngolo ikamasuka, mkono ugwere pa matcheniwo m'malo mozika mu phula. Matcheni akhale ndi mpata wokwanira kuti galimoto ithe kukhota, koma asakhwekhwereke pansi, chifukwa tcheni lokhwekhwereka limadyeka ndipo limathetheka moto umene ukhoza kuyatsa udzu wouma wa m'mbali mwa msewu m'miyezi ya chilimwe. Ngolo za mabuleki zimakhalanso ndi kawaya kamene kamamangidwa ku galimoto, kuti ngolo ikachoka kawayako kakoke handibuleki yake.

Mkono wa ngolo uyenera kukhala wopingasa bwino, wosaloza kumwamba kapena pansi. Kamwendo koimikira ngolo kakwezedwe ndi kumangidwa. Akatha kulumikiza, dalaivala mwini wake ayese kunyamula mkonowo kuti aone ngati kapu yagwiradi. Ntchito imeneyi siyosiyira wothandizira, chifukwa pamaso pa lamulo woyankha ndi amene wagwira chiwongolero.

Kaikidwe ka katundu ndi kugwedezeka kwa ngolo

Ngolo ya kulemera koyenera ikhoza kuchititsabe ngozi ngati katundu waikidwa molakwika. Katundu wolemera akhale pansi, pakati, ndiponso chakutsogolo pang'ono kwa matayala. Malangizo ofala amati magawo 60 pa 100 alionse a katundu akhale kutsogolo kwa matayala a ngolo. Mkono wa ngolo uyenera kutsamira chokokera ndi kulemera kwa magawo pakati pa 7 ndi 10 pa 100 a kulemera kwa ngolo yonse, malinga ngati sikupitirira malire olembedwa pa chokokeracho. Pa ngolo ya makilogalamu 1,000, ndiye kuti makilogalamu 70 mpaka 100.

Katundu akachuluka kumbuyo, mkono umanyamula galimoto kumbuyo kwake, matayala a kumbuyo amachepa mphamvu yogwira msewu, ndipo ngolo imayamba kupita uku ndi uku ngati mchira wa nsomba. Katundu akachuluka kutsogolo, galimoto imakhala pansi kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimaleka kumvera, ndipo usiku nyali zimathobwa m'maso anthu obwera kutsogolo.

Kugwedezeka kwa ngolo kumayamba kawirikawiri pamtsetse, pa liwiro lalikulu, kapena lole yaikulu ikadutsa pafupi ndi kukankha mphepo. Dalaivala wosazolowera amafulumira kuponda mabuleki mwamphamvu kapena kulimbana ndi chiwongolero, ndipo zonse ziwirizi zimakulitsa vutolo mpaka ngolo imapindikira m'mbali mwa galimoto. Choyenera kuchita ndi kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, kugwira chiwongolero molunjika ndi manja awiri, ndi kulola liwiro kuti litsike lokha. Kenaka aime pamalo abwino ndi kukonza kaikidwe ka katundu, pakuti ngolo imene yagwedezeka kamodzi idzagwedezekanso.

Makina onyamulidwa pa ngolo, monga makina aang'ono otsindira dothi, amamangidwa m'ngodya zonse zinayi ndi matcheni kapena malamba opangidwira ntchitoyo, ndipo matayala ake amatsekerezedwa ndi mitengo yosemedwa. Kulemera kokha sikugwira makina pamalo ake. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, makina osamangidwa amapitiriza ulendo wake kulunjika kumene kwakhala dalaivala. Pa makina osakanizira simenti, mgolo wake umangidwe kuti usazungulire kapena kupendekeka, ndipo konkire yotsalira ichotsedwe.

Matayala, nyali ndi zonyezimira

Si makina onse okhala ndi matayala amene anapangidwira msewu waukulu. Makina ambiri osakanizira simenti ali ndi timatayala tating'ono, nthawi zina ta chitsulo kapena ta labala wopanda mpweya, ndipo alibe masipuling'i. Timatayala timeneti ntchito yake ndi kusuntha makina pamalo a ntchito, pa liwiro la munthu woyenda pansi. Makina otere akakokedwa makilomita ambiri pa phula, maberingi amatentha, tayala limaguluka, kapena makinawo amagubuduka pokhota chifukwa kulemera kwake kuli m'mwamba. Malo ake oyenera ndi pamwamba pa lole. Chimodzimodzinso makina akuluakulu monga katapila ndi makina otsindira msewu, amene amanyamulidwa pa lole yapansipansi yopangidwira ntchito imeneyi, ndipo dalaivala wake ayenera kudziwa kutalika kwa katundu wake chifukwa cha mawaya a ESCOM amene amadutsa pamwamba pa misewu.

Matayala a ngolo kawirikawiri amakalamba asanathe mapazi, chifukwa ngolo zimakhala nthawi yaitali zitangoima pa dzuwa. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala long'aluka m'mbali kapena lotupa silifunika kunyamuka nalo ulendo. Mpweya upimidwe matayala asanatenthe, manati amangidwe ndi sipanala, ndipo tayala lapadera la ngolo ndi jeke wokwanira kulemera kwake zikhalepo. Atayenda makilomita ochepa, dalaivala aime ndi kugwira pakati pa tayala lililonse. Pakatentha moti dzanja silingakhalepo, ndiye kuti beringi yauma kapena buleki yagwira. Pa ulendo wochokera ku boma, kuima kotere kuchitike phiri lisanayambe. Pa ulendo wochokera ku Chiponde, kuchitike mtsetse usanayambe.

Chokokedwa chimabisa nyali za kumbuyo za galimoto. N'chifukwa chake chiyenera kukhala ndi nyali zakezake: zofiira za usiku, za mabuleki ndi zosonyeza kukhota, pamodzi ndi zonyezimira. Makina opanda nyali amamangiriridwa thabwa lokhala ndi nyali zimenezi, lolumikizidwa ku magetsi a galimoto. Munthu wa njinga yamoto amene akubwera kumbuyo madzulo amaona mdima wokhawokha ngati jenereta yopanda nyali ili patsogolo pake. Nzeru yaikulu ndi kukonza ulendo kuti uthe dzuwa lisanalowe. Galimoto ikawonongeka panjira, zikwangwani zonyezimira za ngodya zitatu ziikidwe kutsogolo ndi kumbuyo pa mtunda wokwanira, makamaka pokhota. Masamba ndi miyala zimene anthu amaika pamsewu sizioneka usiku, ndipo zikasiyidwa pomwepo zimagwetsa a njinga.

Anthu asakwere pa chokokedwa

Pa ntchito zambiri, aganyu amakwera pa mkono wa ngolo, pa bawuza kapena pamwamba pa matumba a simenti, chifukwa m'galimoto mulibe malo. Munthu wokhala pamenepo alibe chogwira chodalirika, ndipo akagwa amagwera kutsogolo kwa matayala a ngolo yomweyo. Ana a m'midzi nawo amakonda kuthamangira ngolo ndi kulendewera kumbuyo kwake, pamene dalaivala sangawaone. Kontilakitala amene akukonza ulendo wa makina akonzenso mayendedwe a antchito ake padera.

Makina kapena galimoto imene yafa injini imakokedwa ndi chitsulo cholimba cholumikiza ziwirizo. Chingwe chimalola chokokedwacho kuthamangira galimoto ya kutsogolo pamtsetse, ndipo chikaduka chimakwapula aliyense amene waima pafupi. Kukoka ndi chingwe kukhale kwa pamalo athyathyathya, kwa mtunda waufupi, pongofuna kuchotsa chowonongekacho pamsewu.

Pa Chiponde ndi m'misewu ya fumbi

Pa Chiponde penipeni pamakhala piringupiringu wa malole odikira mapepala, maminibasi, a kabaza ndi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Pokhota, matayala a ngolo amadutsa m'kati kuposa pamene padutsa matayala a galimoto, choncho dalaivala ayenera kutenga malo okwanira kuti ngolo isakolole njinga kapena benchi ya malonda. Pobwerera m'mbuyo, ngolo imapita mbali yosiyana ndi kumene chiwongolero chapotokera, ndipo pamafunika munthu mmodzi woima pambali, pamene dalaivala akumuona pa galasi, kuti azimulondolera. Munthuyo akasowa pa galasi, galimoto iime. Nthawi imene ana akuweruka ku sukulu, masiku a msika, ndi Lachisanu masana pamene anthu ambiri akupita kapena kuchokera ku mzikiti, si nthawi zabwino zodutsira ndi katundu wotere.

Sukulu ndi zipatala zambiri zimene zikumangidwa zili kutali ndi phula. M'misewu ya fumbi, kugwedezeka kumamasula manati ndi malamba, mchenga umakoka ngolo kumbali, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo matope amachititsa kuti ngolo itsetserekere m'ngalande ndi kukokera galimoto momwemo. Mlatho wa matabwa uyenera kuyenderedwa kaye wapansi, pokumbukira kuti udzasenza galimoto ndi ngolo nthawi imodzi. Safunsa anadya phula: anthu a m'mudzimo amadziwa mlatho umene wafooka ndi khwawa limene limadzaza msanga. Pomasula ngolo pamalo a ntchito, matayala ayambe atsekerezedwa, pakuti ngolo yomasulidwa pamalo otsetsereka pang'ono imayenda yokha.

Malamulo ndi mapepala

Kayendedwe ka pamsewu m'dziko muno kamatsata lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo ziphaso ndi kalembera wa galimoto zili m'manja mwa nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Ziphaso zoyendetsera galimoto zili m'magulu ofanana ndi a maiko ena a SADC. Chiphaso cha gulu B chimalola galimoto yaing'ono ndi ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Ngolo yolemera kuposa apo imafuna chiphaso chokhala ndi chilembo cha E. Kontilakitala wanzeru amayang'ana chiphaso cha dalaivala wake, amatsimikiza kuti mapepala a galimoto ndi a ngolo ndi osatha ntchito, ndipo amafunsa kampani yake ya inshulansi ngati chokokedwacho chili m'gulu la zotetezedwa. Mafunso amenewa ndi osavuta kuwayankha ulendo usanayambe kuposa pamaso pa apolisi apamsewu ngozi itachitika.

Amene akuwolotsa makina kupita ku Mandimba akumbukire kuti ngolo ndi makina zimafuna mapepala akeake pa ofesi ya MRA ya pamalire, padera pa mapepala a galimoto. Ku Mozambique m'galimoto mumafunikanso chovala chonyezimira cha dalaivala.

Udindo wa makomiti a chitukuko

Makina akagwa m'phompho, otaya si kontilakitala yekha. Ntchito imaima masabata angapo podikira makina ena, mvula imapeza khoma lisanafoleredwe, ana amapitiriza kuphunzirira pansi pa mtengo, ndipo ndalama zimene boma la Mangochi linapatsidwa zimakhala zisanabale chipatso. Ngozi ikapha munthu wa m'mudzi, ubale wa anthu ndi omanga umasokonekera, ndipo chitukuko chimene chinabwera ndi chimwemwe chimakumbukiridwa ndi maliro.

N'chifukwa chake nkhaniyi ikukhudzanso makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, a VDC ndi a ADC, makomiti oyang'anira ntchito, mafumu ndi makhansala. Iwowa safunika kukhala amakaniko kuti aone cholakwika. Maso okha amakwanira kuona ngati pini ili ndi chotsekera, ngati matcheni amangidwa, ngati nyali za kumbuyo zikuyaka, ngati matayala ali ang'alung'alu, ndi ngati pa ngolo pakwera anthu. Pamsonkhano wopereka malo a ntchito kwa kontilakitala, komiti ikhoza kufunsa tsiku limene makina adzafike, njira imene adzadutse ndi mmene adzanyamulidwire, kuti aphunzitsi ndi makolo achenjeze ana. Chimene chaoneka cholakwika chikambidwe ndi kapitawo mwaulemu, ndipo chikapitirira chifotokozedwe kwa khansala wa deralo, ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo, kapena kwa apolisi.

Kuyang'ana zonsezi ulendo usanayambe kumatenga mphindi zochepa. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Kontilakitala amene wayeza katundu wake, wayesa mabuleki a ngolo, wasankha dalaivala wa chiphaso choyenera ndi kutsika Chowe m'giya yotsika amafika mochedwerapo pang'ono, koma makina ake amayamba ntchito m'mawa mwake, ndipo onse amene anakumana nawo pamsewu amakagona kwawo.